Ka opaleshoni kothetsa mkonono, alipo anapangitsapo?

MayiWaAnyamata
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso lokhudza bambo a kunyumba kwathu. Amaliza mkonono kwambiri moti ana kuchipinda kwawo amamva, koma chimene chikundiopsa panopa si phokosolo ayi, ndi choti pena amangoti zii osapuma, chifuwa chikuyenda koma mpweya osalowa, kenako nkudzidzimuka motsamwa. Mmawa amadzuka mutu ukuwawa, masana akangokhala pampando basi tulo. Mnzawo wina wawauza kuti kuli ka opaleshoni kakang'ono kosagonera mchipatala, amaika tinthu kumwamba kwa mkamwa mkonono nkutha. Iwo atengeka nako chifukwa makina a CPAP aja, opopera mpweya kudzera pa masiki munthu akagona, sakufuna nkumva komwe. Alipo anapangitsapo? Zimathandizadi kapena?

Chitsulo_88
Ayambe achepetsa thupi, ndipo ngati amamwa asiye kumwa madzulo. Mpeni ubwere kumapeto.

MayiWaAnyamata
@Chitsulo_88 samwa achimwene, fodyanso ayi. Thupi si lalikulu kwenikweni koma khosi lokha nde ndi lonenepa, batani lapamwamba la malaya silimangika.

NamwinoWaUsiku
Mayi, zimene mwafotokozazo, kusiya kupuma, kudzidzimuka, mutu wa m'mawa ndi tulo ta masana, si mkonono wamba umenewo, zikumveka ngati sleep apnea, matenda obanika kutulo njira ya mpweya ikatsekeka. Ndiye musanakambe za opaleshoni iliyonse, yaing'ono kaya yaikulu, bambowo ayezedwe kaye ali m'tulo. Amawaika tizipangizo pachala, pachifuwa ndi pamphuno usiku wonse, pena kuchipatala pena kunyumba konko, n'kuwerenga kuti pa ola limodzi mpweya waima kapena wachepa kangati. Amawerenga kuima kwa masekondi 10 kupita m'tsogolo. Nambala yake amaitcha AHI. Pansi pa 5 palibe vuto, 5 mpaka 14 ndi yapang'ono, 15 mpaka 29 ndi yapakatikati, kuyambira 30 ndi yaikulu.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa ma opaleshoni ang'onoang'ono a kumwamba kwa m'kamwa anapangidwira makamaka phokoso komanso apnea yosakula. Munthu wa AHI 40 atha kupangidwa, phokoso n'kuchepadi, inu n'kumagona mtima uli m'malo, pamene iye akubanikabe usiku wonse mwakachetechete, oxygen akutsika m'magazi, BP ikukwera, mtima ukutopa. Panopa mkononowo ndi umene wakudziwitsani kuti pali vuto. Musauchotse musanadziwe kukula kwa chimene chili pansi pake.

Kadzidzi_2am
Ine ndinapangitsa imene akunenayo, amati Pillar. Amakubaya jekeseni wa dzanzi kumwamba kwa mkamwa chakumbuyo kofewa kuja, kenako amalowetsamo tizingwe titatu ta polyester, kalikonse kotalika mamilimita 18. Adokotala anandifotokozera kuti mnofu wapamenepo ukalefuka kutulo umakupiza ngati nsalu yoyanika pachingwe kukamawomba mphepo, phokoso limachokera pamenepo, nde tizingweto thupi limatikuta ndi chipsera malowo nkulimba. Sizinatenge ndi ola lomwe, ndinabwerera kunyumba ndekha, ululu wake unali wa zilonda za pakhosi basi, mawa lake ndinapita kuntchito. Koma sizigwira pompopompo, pamadutsa miyezi iwiri itatu kuti chipsera chikhwime. Mayi akunyumba anati phokoso latsika, osati kutheratu koma loti munthu nkugona. Chinandivuta nchoti kamodzi kanayamba kutuluka, ndinkamva kakundikanda ndikameza malovu, anakachotsa. Chofunika kudziwa mayi, ine anandiyeza kaye ndipo AHI yanga inali 9 yokha, sindinkabanika ngati mmene mukunenera bambowo.

Nyenyezi_ya_mmawa
Ine yanga inali ya radiofrequency, ena amati somnoplasty. Amalowetsa kasingano mu mnofu womwewo nkutenthetsa mkati pang'ono, pamwamba osapsa, ndiye pochira mnofuwo umakhwinyata nkulimba. Anandiuziratu kuti nthawi zambiri kamodzi sikakwana umabwereranso, ndipo zinaterodi. Masiku oyamba kukhosi kunatupa mkonono unachita kuwonjezeka moti ndinada nkhawa, kenako unatsika bwinobwino. Panopa padutsa zaka wayambiranso pang'onopang'ono. Sindinong'oneza bondo ayi zaka zimenezo tinapuma, koma amene angakuuzeni kuti umatha moyo wonse akukunamizani.

Chitsulo_88
Mwaonatu. Wina kachingwe kakutuluka, wina mkonono wabwerera. Nde phindu lake lili pati?

Nyenyezi_ya_mmawa
@Chitsulo_88 phindu lake ndi zaka zimene amuna anga anagona osasamukira pabalaza. Kwa inu mwina ndi zazing'ono, kwa ife sizinali zazing'ono.

Wa_CPAP_Weniweni
Ine ndifunse, bambowo CPAP anaiyesapo kapena akungoiopa poiona pa zithunzi? Chifukwa anthu ambiri amaikana asanaivale. Makinawa si achilendo, anayambitsa ndi dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, zotsatira zake zinatuluka mu 1981, ndipo mpaka lero pa apnea yaikulu ndi amene madokotala amayamba nawo. Amangokankha mpweya pang'ono kuti njira isatsekeke, kaya ikutsekekera pamwamba kaya pansi iwo alibe nazo, amatsegula paliponse. Ine AHI inali yoposa 50, usiku umene ndinayamba kuvala inatsika kufika pansi pa 5, ndinadzuka mutu uli wopepuka mwa mtundu umene ndinali nditaiwala. Masiki alipo osiyanasiyana, ina ndi yongokhala pamabowo a mphuno siphimba nkhope. Akasiya kuvala amangobwerera mmene analili, pamene mnofu akaudula sungabwezeretsedwe.

Wosagona_Bwino
Zabwino zonse kwa inu amene zinakuyanjani, koma musamayankhule ngati tonse ndife amodzi. Ine ndinayesa masiki ya mphuno, ya nkhope yonse, ya timabowo ija, ndinayesa ndi kamadzi konyowetsa mpweya, koma ndikangogona ndimaivula ndekha osadziwa, mmawa ndimaipeza pansi makina akungolira. Makina amene ali mkabati sachiza munthu. Opaleshoni yochepetsa vuto ndi theka usiku uliwonse iposa makina ochotsa vuto lonse koma ovalidwa ola limodzi.

Wa_CPAP_Weniweni
@Wosagona_Bwino ndamva ndipo sindikutsutsa zimene munadutsamo. Ndikungoti inu munayesa kaye. Bambo awa sanayese.

Mphunzi_wa_ENT
Ndiloleni ndiwonjezere pa zimene anena a Namwino. Nambala ya AHI imakuuzani kukula kwa vuto, koma siikuuzani pamene njira ikutsekekera, ndipo pa nkhani ya opaleshoni funso lalikulu ndi limenelo. Malo ake ndi angapo. Ikhoza kutsekeka kumbuyo kwa palate, ndiye mnofu wofewa wa kumwamba kwa m'kamwa uja ndi kanyama kolendewera kaja. Ikhoza kutsekeka m'mbali mwa mmero momwe muli ma tonsil, makoma aja n'kumakumana. Ikhoza kukhala kutsinde kwa lilime, likugwera kumbuyo munthu akagona chagada. Mwa ena ndi kachivindikiro ka pakholingo, epiglottis. Anthu ambiri a apnea yaikulu imatsekeka malo awiri kapena atatu nthawi imodzi. Ndiye ngati vuto lili kutsinde kwa lilime inu n'kulimbitsa palate ndi Pillar, mwakonza malo osadwala.

Njira yoonera ilipo, amati DISE. Amamupatsa munthu mankhwala ogonetsa monga propofol mpaka ayambe kuliza mkonono, kenako amalowetsa kakamera kopyapyala pamphuno n'kumaona pa sikirini pamene pakugwa. Anayamba kuifotokoza ndi Croft ndi Pringle ku London mu 1991. Munthu ali maso minofu yake imakhala yokungika, ndiye kungoti "yasamulani" mu ofesi sikuonetsa zonse.

Mbiri yake imaphunzitsa. Opaleshoni yakale yotchuka ija, UPPP, imene Shiro Fujita anaifotokoza mu 1981, amachotsa ma tonsil, kanyama kolendewera ndi mbali ya palate. Inkapangidwa kwa anthu ambiri osasankha bwino, ndipo ataunika zotsatira mu 1996 anapeza kuti inkathandiza pafupifupi anthu 40 pa 100 alionse. Ululu wake ndi waukulu, ndipo ena ankatsala ndi vuto loti akamwa madzi amatulukira m'mphuno. N'chifukwa chake masiku ano ambiri asiya zodula mnofu wambiri, m'malo mwake amaukoka n'kuusokera pena. Pali expansion sphincter pharyngoplasty ya Pang ndi Woodson ya mu 2007, palinso yogwiritsa ulusi waminga wogwira wokha popanda mfundo, imene Vicini ndi anzake ku Italy anaitchukitsa. Zimenezi ndi zopepukirapo poyerekeza ndi UPPP koma amakugonetsa ndithu, si za mu ofesi ngati Pillar.

Chimodzi choti mufunse dokotala aliyense: akati opaleshoni "imatheka bwino" akutanthauza chiyani? M'kafukufuku wambiri amati yatheka ngati AHI yatsika ndi theka ndipo yafika pansi pa 20. Ndiye munthu wochoka pa 40 kufika pa 18 amalowa m'gulu la othandizidwa, chonsecho akadali ndi apnea yapakatikati.

MayiWaAnyamata
Eee zikomo kwambiri, izi za malo osiyanasiyana sindinkazidziwa nkomwe. Ndawawerengera bambo zimene mwalembazi akhala chete, kenako akuti nanga kakamera kapamphunoko sikapweteka?

Mphunzi_wa_ENT
@MayiWaAnyamata amakhala ali m'tulo mayi, ambiri sakumbukira n'komwe, ndipo zimatenga mphindi zochepa. Auzeni asaope.

AuntieWaMalangizo
Ine ndingoti pamene mukudikira zonsezi, kugona zipinda zosiyana si tchimo. Mkazi wosagona usiku amadwala nayenso, amakhala wokwiya, ntchito sayigwira bwino, nde banja limavutika ndi chinthu choti palibe anachita dala.

BamboWaBanja
Ayi auntie pamenepo sindikugwirizana nanu. Mukayamba zosiyana zipinda mumazolowera, mawa mkonono utatha simubwererananso.

AuntieWaMalangizo
@BamboWaBanja achimwene inu ndinu oliza kapena omvera? Chifukwa oliza nthawi zonse ndi amene amanena zimenezi, iwo amakhala akugona.

Dzuwa_Lawala
Ine ndili mbali ya auntie koma pali chimodzi, mayiwa akanakhala kuchipinda china sakanaona kuti amuna awo akusiya kupuma. Ambiri amene amapita kuchipatala ndi vutoli amawatumiza ndi ogona nawo, okha sadziwa kanthu.

MayiTee
Pepani ndilowetse yanga pomwepa. Mwana wanga wa zaka 5 amaliza mkonono ngati munthu wamkulu, amagona kukamwa kuli yasa, amatuluka thukuta ndipo wayambiranso kukodza pogona. Ma opaleshoni mukunenawa amapanganso ana?

NamwinoWaUsiku
@MayiTee za ana ndi zina. Nthawi zambiri mwa ana chimatseka ndi ma tonsil ndi ma adenoid, minofu ina imene ili kumbuyo kwa mphuno, akakula mopitirira. Chithandizo choyamba chimakhala kuwachotsa ndipo ana ambiri amasintha kwambiri. Pillar ndi zinazi si za ana. Komanso mwana wa apnea sakhala wa tulo masana ngati wamkulu, ambiri amakhala osakhazikika, osamvetsera m'kalasi, anthu n'kumati ndi wopulupudza. Mupite naye kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, mumujambule kavidiyo pafoni ali m'tulo mukaonetse.

TechGuy_Zed
Palibe watchula Inspire. Ndi kachipangizo kokhala ngati pacemaker, kaja kothandiza mtima kugunda, amakaika pansi pa khungu pachifuwa chakumanja, kawaya nkupita pa mtsempha woyendetsa lilime pansi pa chibwano. Ukamakoka mpweya kamatumiza kamagetsi pang'ono lilime nkusunthira kutsogolo njira nkutseguka. Pogona umayatsa ndi rimoti, kamadikira kaye kuti ugone kenako nkuyamba. FDA, bungwe lovomereza mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, inavomereza mu 2014 pambuyo pa kafukufuku wa STAR wa anthu 126, AHI yawo inachoka pa 29.3 kufika pa 9 patatha chaka. Batire yake imakhala zaka pafupifupi 11. Kwa ine iyi nde tsogolo, palibe chodula mkamwa.

Mphunzi_wa_ENT
@TechGuy_Zed manambalawo ndi oona, koma anthu 126 aja anachita kuwasankha. Onse anali oti CPAP yawakanika, BMI (nambala yoyeza kunenepa poyerekeza ndi msinkhu) yosapitirira 32, ndipo onse anawapanga DISE kaye. Amene palate yawo imatsekeka mozungulira mbali zonse sankawalola, mpaka pano salola, chifukwa kukankha lilime kutsogolo sikutsegula kutsekeka kwa mtundu umenewo. Mu 2023 anakulitsa malire kufika AHI 100 ndi BMI 40, komabe kuyezedwa kwake ndi komweko. Ndi opaleshoni yeniyeni yogonetsa, pamakhala mabala awiri, amayatsa patatha pafupifupi mwezi, kenako miyezi yosintha mphamvu mpaka ipezeke yoyenera. Ena amamva lilime likukhuzika pa mano. Batire ikatha ndi opaleshoni ina. Ndi yabwino kwa amene ikuwayenera, koma ndi yodula kwambiri ndipo si dziko lililonse limene ikupezeka.

Wosagona_Bwino
Imeneyi ndakhala ndikuiwerenga kwa nthawi. Chimandiopsa ine ndi kukhala ndi chitsulo mthupi, koma kubanika usiku ulionse kukundiopsa kuposa.

Mlendo_Pano
Nanga ya laser? Ndinaona akutsatsa pa Facebook akuti mphindi zochepa, palibe magazi.

NamwinoWaUsiku
@Mlendo_Pano funsani kaye kuti ndi laser iti. Pali yakale yodula, LAUP, imene Kamami wa ku France anaiyambitsa cha mu 1990, amadula kanyama kolendewera ndi m'mphepete mwa palate. Imapweteka kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo chipsera chake mwa ena chimathinitsa njira apnea n'kuwonjezeka, n'chifukwa chake bungwe la madokotala a tulo ku America, AASM, siliilimbikitsa pa apnea. Pali ina yatsopano yongotenthetsa osadula, imeneyo ndi ya phokoso ndipo imafuna kubwereza. Paliponse pamene akufuna kukupangani tsiku lomwelo osafunsa ngati munayezedwa tulo, tulukanipo.

Chitsulo_88
Ndibwererenso pa ya thupi ija chifukwa munandidutsa. Mayi akuti bambo si onenepa koma khosi ndi lalikulu, mafuta a pakhosi ndi palilime ndi omwewo amathinitsa njira. Kafukufuku wa ku Wisconsin wa mu 2000 anapeza kuti sikelo ikakwera ndi 10 peresenti AHI imakwera ndi pafupifupi 32 peresenti, ikatsika ndi 10 peresenti AHI imatsika ndi 26 peresenti. Ndipo mu December 2024 FDA inavomereza jekeseni wochepetsa thupi wa tirzepatide kwa anthu onenepa a apnea. Ngakhale opaleshoni itayenda bwino, munthu akanenepanso vuto limabwerera.

Dzuwa_Lawala
@Chitsulo_88 zoona koma si onse. Mchimwene wanga ndi woonda kwambiri ali ndi apnea yaikulu, chibwano chake ndi chaching'ono chobwerera mmbuyo nde lilime lilibe malo. Iyeyo achepetse chani? Madokotala akukamba zosuntha nsagwada zonse ziwiri kupita kutsogolo, akuti pafupifupi sentimita imodzi, imeneyo nde si yaing'ono ngakhale pang'ono koma akuti pa ma opaleshoni onse ndi imodzi mwa zothandiza kwambiri.

Mphuno_Yotseka
Ine vuto linali mphuno. Chotchinga chapakati chija chinali chopindika, ndi minofu ya mmbali amati ma turbinate yotupa, usiku ndinkapumira pakamwa mmawa kukhosi gwaa. Anawongola chotchingacho, ma turbinate nkuwachepetsa ndi radiofrequency yomwe ija. Ndinene zoona apnea sinathe, atandiyezanso nambala inangotsika pang'ono, koma chimene chinasintha nchoti CPAP imene ndinkailephera ndinayamba kuivala usiku wonse chifukwa mpweya unayamba kudutsa, mphamvu ya makina anaitsitsanso. @Wosagona_Bwino mphuno zanu anazionapo? Mwina chimakuvulitsani masiki ndi chimenecho.

Wosagona_Bwino
@Mphuno_Yotseka mbali imodzi imakhala yotseka nthawi zonse, palibe anandifunsapo za izo. Ndikafunsa.

Dalaivala_wa_Thiraki
Mayi oyambitsa nkhaniyi, ngati bambowo amayendetsa galimoto chonde musachedwe. Ine ndinagonapo pa chiwongolero masekondi ochepa, ndinadzuka matayala ali kale kunja kwa msewu, mwayi panalibe munthu. Sindinamve tulo tikubwera, timangokutenga. Ndi pamene anandipeza ndi apnea. Pano ndimayenda ndi CPAP yanga mthiraki momwemo.

MayiWaAnyamata
Amayendetsa tsiku ndi tsiku achimwene, ndipo ndakhala ndikuwagwedeza tili pa msewu ndikaona maso akulemera. Avomera zokayezedwa. Nanga pamene tikudikira tsikulo tipange chani?

NamwinoWaUsiku
@MayiWaAnyamata agone chammbali osati chagada, ena amaika pilo wolimba kumsana kuti asatembenuke, mutu ukhale wokwerako. Mapilisi ogonetsa asamwe, amalefula minofu ya kukhosi. Maulendo aatali pa galimoto ayendetse wina. Muwayeze BP ndi shuga chifukwa zimakonda kuyendera limodzi ndi apnea. Zomata pakamwa ndi tepi zimene zili pa TikTok asayese asanayezedwe. Ndipo akadzafika pa opaleshoni iliyonse, ngakhale yosakhudza kukhosi, auze wogonetsa kuti amabanika kutulo, chifukwa mankhwala ogonetsa ndi opha ululu a mtundu wa morphine amachepetsa kupuma. Akadzapangidwa ya apnea, patatha miyezi ingapo ayezedwenso tulo. Kumva kwanu kuti phokoso latha si umboni wokwanira.

Kadzidzi_2am
Ya kuyezedwanso ija ndi yoona, ine anandiitanitsa okha chipsera chitakhwima kuti aone nambala.

Gogo_Wamphamvu
Ana anga ndawerenga zonse. Ine mpeni ndimauopa ndipo makina mwina sindingathe. Ndinamva kuti kuli kovala mmano pogona, kamathandiza? Koma mano anga ambiri anachoka.

Mphunzi_wa_ENT
@Gogo_Wamphamvu kalipo agogo, amapanga ndi dokotala wa mano atayeza m'kamwa mwanu. Kamagwira mano a m'mwamba ndi a m'munsi n'kukokera nsagwada ya m'munsi kutsogolo pang'ono, lilime limatsatira. Kamathandiza pa mkonono ndi apnea yapang'ono kapena yapakatikati, ndipo munthu akakavala zaka zambiri mano amatha kusuntha kalumidwe n'kusintha. Koma kamafuna mano okwanira ndi olimba nsagwada zonse ziwiri, ndiye kwa inu adokotala a mano aone kaye otsalawo. Ngati sakukwana pali kena kosadalira mano, kamayamwa nsonga ya lilime n'kuligwira kutsogolo usiku wonse, ngakhale ambiri amadandaula malovu ndi kuwawa kwa lilime masiku oyamba.